Ulendo wa ana ku miziyamu ya Karonga usathere pa zithunzi

Teremu ikamapita kumapeto, sukulu zambiri zimakonza maulendo okaona malo. Makolo amasonkha ndalama, minibasi imabwera m'mamawa, ana amakwera atavala yunifolomu yochapa bwino. Madzulo amabwerako atadya, ataimba, atajambulitsa. Lolemba mphunzitsi amatsegula buku pomwe analekezera, za ulendo osazitchulanso. Ife tikuti ndalama za makolo zikulowa m'madzi, ndipo ku Karonga zimatipweteka kwambiri chifukwa zimene ana akuphonya n'zosowa padziko lonse.

Ku Johannesburg ana amapita ku Gold Reef City, kukakwera makina ozungulira ndi kutsikira mumgodi wakale wa golide. Karonga ilibe makina otere, koma ili ndi Cultural and Museum Centre Karonga, nyumba yosungiramo mbiri yomwe inatsegulidwa mu Novembala 2004. Mukangolowa mumakumana ndi Malawisaurus, chinyama chachitali khosi ndi mchira, mafupa ake ofanizira atalumikizidwa monga chinkaimira chili moyo zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo. Muli nkhani ya nsagwada ya munthu wakalekale yomwe gulu la Friedemann Schrenk ndi Timothy Bromage linapeza ku Uraha mu 1991, yomwe akatswiri amati yatha zaka pakati pa 2.3 ndi 2.5 miliyoni. Mulinso mbiri ya Angonde, ya ukapolo, ya nkhondo ndi ya demokalase. Akatswiri amachoka ku Ulaya ndi ku America kudzaona zimenezi, pomwe mwana wa m'boma lomweli akhoza kufika Sitandade 8 osadziwa tanthauzo lake.

Mphunzitsi wokonzeka akhoza kukolola pa ulendo wa tsiku limodzi phunziro la masabata angapo. Tiyambe ndi masamu. Mwana wa Sitandade 6 amalemba 100,000,000 pabolodi, koma kukula kwa nambalayo sakukumva. Mutulutseni pabwalo la mpira. Muuzeni kuti phazi limodzi likuimira zaka miliyoni imodzi. Akayenda mapazi awiri ndi theka kuchoka pagolo, wafika kwa munthu wa ku Uraha. Kuti afike kwa Malawisaurus ayenera kupitirira mapazi 100, mpaka kutsidya kwa bwalo. Tsono mufunseni kuti Mlozi, wogulitsa akapolo yemwe anaphedwa mu 1895, ali pati. Awerengetsere yekha, apeza kuti zaka zonse kuchokera kwa Mlozi kufika lero zikukwana m'kunenepa kwa tsitsi limodzi pa mzere woyambira. Mwana amene wayenda mapazi amenewa sadzasokonezanso miliyoni ndi sauzande. Ngakhale bajeti ya ulendo ndi masamu: mtengo wa galimoto, chakudya, ndalama yolowera pakhomo, kugawa ndi chiwerengero cha ana. Aiwerengere okha ana, aphunzitsi angoyang'anira.

Sayansi ili pomwepo. N'chifukwa chiyani mafupa akale amapezeka ku Mwakasyunguti, ku Uraha ndi ku Malema, osati paliponse? Karonga ili m'chigwa chachikulu chomwe chinapangika nthaka itang'ambika, chomwenso muli nyanja ya Malawi. Kusuntha kwa nthaka kunatukula miyala yomwe inakwiririka kalekale, mvula n'kumaikokolola mpaka mafupa kuonekera. Kusuntha komweko ndi kumene kunagwetsa nyumba pa zivomezi za mu Disembala 2009, zomwe makolo a ana a lero amazikumbukira bwino. Apa mwana aona kuti fupa la mumiziyamu, mng'alu wa pakhoma la kwawo ndi nyanja imene amasambamo zili ndi chiyambi chimodzi.

Mbiri nayo siili patali. Phiri la Mbande, likulu lakale la a Kyungu, mafumu a Angonde, lili m'boma lomweli. Pa 9 Seputembala 1914 asilikali a Germany anaukira Karonga, ndipo manda a ena omwe anafa pa nkhondoyo akadalipo m'tauni. Mwana akaona mandawo, n'kuonerera mapenenga, gule wovala ndi kuguba mwausilikali, adzifunsa yekha kumene agogo ake anatengera maguba amenewo. Phunziro la luso lalowa pamenepo, pamodzi ndi kuumba chinyama chija ndi dongo atabwerera kusukulu.

Pa zilankhulo, mwana apite kwa agogo ake akafunse mu Kyangonde kapena Chitumbuka zimene anamva za ukapolo kapena za nkhondo, adzalembe chimangirizo m'Chichewa, kalata yothokoza ogwira ntchito kumiziyamu ailembe m'Chingerezi. Zolembedwa bwino zitumizidwe ku wailesi ya Radio Dinosaur kuti anthu amve mawu a ana awo. Ndipo mtsikana aliyense wa m'kalasi auzidwe kuti mwa akatswiri omwe anapatsa Malawisaurus dzina lake mu 1993 munali Mmalawi, Elizabeth Gomani, yemwenso mu 2005 anatcha chinyama china Karongasaurus. Sayansi imeneyi ndi yathu, ndipo mayi wa dziko lino anaigwira ndi manja ake.

Tikudziwa chimene aphunzitsi ambiri anganene: ana ndi ochuluka m'kalasi, silabasi ndi yaitali, mayeso a MANEB sadikira. N'zoona, ndipo sitikuchepetsa mtolo wawo. Koma zonse tatchulazi zili kale m'maphunziro a pulayimale: manambala aakulu, kukokoloka kwa nthaka, mbiri ya dera, kulemba kalata. Ulendo wokonzedwa bwino umathandiza kumaliza silabasi, chifukwa chimene mwana waona ndi maso sachedwa kuchikumbukira m'chipinda cha mayeso. Chofunika n'chakuti aphunzitsi a maphunziro osiyanasiyana akhale pansi pamodzi ulendo usanachitike, mmodzi akaone malowo, aliyense akonze mafunso ochepa, ana anyamule kope ndi pensulo. Mafunso asachuluke mpaka kupha chisangalalo. Mwana apatsidwe nthawi yongoima, kuyang'ana m'mwamba, kudabwa ndi kufunsa zake.

Palinso nkhani ya chilungamo. Ulendo ukadalira msonkho wa makolo okha, mwana wa mlimi yemwe mpunga sunamuchitire bwino amatsala kunyumba, mawa n'kumangomvera anzake akusimba. Tikupempha makomiti a sukulu ndi ofesi ya maphunziro m'boma kuti ulendo wophunzira uzilowa m'dongosolo la chaka la sukulu, ndalama zake zizikonzedwa nthawi ikadalipo, kalasi lonse lizipita. Makampani omwe amapindula ndi chuma cha Karonga, kuyambira a mgodi wa Kayelekera mpaka ogula mpunga wa Kilombero, akhoza kulipira galimoto ya sukulu za kutali monga za ku Kaporo, Nyungwe ndi Chilumba. Kumene galimoto yalephereka, malo ophunzirira alipo apafupi: sikimu za mpunga za Hara ndi Lufilya, malo opangira magetsi a Wovwe, doko la Chilumba. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi.

Kwa akuluakulu a miziyamu, pempho lathu ndi lakuti akonze timapepala ta mafunso togwirizana ndi makalasi, ndipo aziitana aphunzitsi kudzera mwa alangizi a maphunziro a m'mazoni kuti adzaphunzire kaye iwo asanabweretse ana. Kwa makolo, musangopereka ndalama n'kukhala chete. Funsani a hedi kuti ana akukaphunzira chiyani, ndipo mwana akabwerako mupempheni akuonetseni kope lake. Teremu ikubwerayi, sukulu iliyonse ya ku Karonga isankhe kalasi limodzi ndi malo amodzi, iyese, ndipo ofesi ya maphunziro idzauze anthu kuti ndi sukulu zingati zachita zimenezi.