Thermostat Isazulidwe M'galimoto Zathu

Alangizi anzanga, pali chizolowezi chimene ndikuchitsutsa: kuzula thermostat m'galimoto ati poti kunyanja n'kotentha. Chinatichitikira tikuchokera ku Chiwanda, titasenza mitengo ya chinangwa ya m'munda wa kafukufuku. Makanika wina anali atachotsa kachipangizoka, nati injini izipuma. Titangoyamba chitunda chochokera ku Mbamba Bay kulinga ku Mbinga madzi anabwata, ndipo tinagona panjira masiku awiri mbewu ikuuma ndi dzuwa.

M'injini zambiri za dizilo thermostat ikamatseguka, pa madigiri 82 kapena 88, imatsekanso kanjira kachidule kobwezera madzi m'injini. Mukaichotsa, madzi ena amalambalala lediyeta osazizira. Potsetsereka m'mamawa wa mwezi wa June vuto limatembenuka: injini imazizira mopitirira muyeso, nimwa mafuta ambiri.

Yakufa isinthidwe basi. Gulani ya madigiri oyenera injini yanu, yokhala ndi kambale kakunsi kotsekera kanjirako. Musanaimange, iviikeni m'poto wa madzi pamoto, muione ikutseguka madzi asanabwate. Kabowo kotulutsira mpweya kayang'ane kumwamba, ndipo gasiketi ikhale yatsopano.