Za Sukulu Yopanda Belu

Mwezi uno tikambe za sukulu ya pa intaneti imene m'Cingerezi amaicha MOOC, ndiko kunena maphunziro otsegukira khamu lalikulu la anthu.

Macitidwe ace ndi awa. Mphunzitsi wa ku yunivesite ajambulitsa phunziro lace m'zigawo zazifupi, naikapo mafunso. Wophunzira, angakhale ali kutali, aonera pa foni kapena pa kompyuta nthawi imene afuna, nabwereza pamene sanamvetse. Mayankho aafupi amacongedwa ndi makina, koma zolemba zazitali ophunzira amacongerana okhaokha. Maphunziro ena munthu aonera kwaulere, koma setifiketi njolipira.

M'caka ca 2011 aphunzitsi awiri, Sebastian Thrun ndi Peter Norvig, anatsegula phunziro lotere ku Stanford, m'dziko la Amereka. Olembetsa anakwana 160,000, koma otsiriza anali ngati 23,000 okha. M'caka ca 2012 panabadwa Coursera ndi edX, mabungwe ogawa maphunziro otere.

Taonani, abale: mwa anthu asanu ndi awiri, mmodzi yekha ndiye anafika kumapeto. Pakuti m'sukulu imeneyi mulibe belu, mulibenso mphunzitsi wakuitana maina. Munthu ayenera kudzilamulira yekha, ndipo ici ncobvuta kwa wacinyamata.

Cifukwa cace tikupemphani inu makolo: mwana wanu akalembetsa, mumpatulire nthawi tsiku ndi tsiku, ndipo madzulo mumfunse cimene waphunzira. Akulu anati, kuona maso a nkhono nkudekha.

Mulungu adalitse mabanja anu.