Ana Olephera Fizikisi Si Ouma Mitu Ayi

Pali chizoloŵezi choipa pakati pa aphunzitsi ena a m'sukulu za sekondale chomanena kuti ana amene amalephera fizikisi, makamaka gawo la mphamvu ndi kayendedwe ka zinthu, ndi aulesi kapena ouma mitu. Mau otereŵa ngongozembera udindo basi.

Mwana amaloŵa m'kalasi ali kale ndi fizikisi yakeyake. Chibadwire wakhala akuona kuti wilibala ikaleka kukankhidwa imaima, ndi kuti mwala umafika pansi tsamba likadali m'malere. Motero amakhulupirira kuti chinthu chimayenda pokhapokha pali mphamvu yochikankha, ndi kuti cholemera chimagwa msanga. Kodi umenewu ndi umbuli? Aristotle wa ku Greece anaphunzitsa zomwezi, ndipo anthu ophunzira anazivomereza kwa zaka pafupifupi 2,000, kufikira Galileo atazitsutsa ndipo Isaac Newton atafalitsa malamulo ake atatu mu 1687. Chimene chinazunguza akatswiri nthaŵi yonseyo, mphunzitsi afuna mwana achimeze m'phunziro limodzi!

Nanga mphunzitsiyo amachita chiyani? Amalemba F = ma pabolodi, ana nkukopera, nkuloŵeza ngati nyimbo. Samu amakhoza ndithu. Koma akafunsidwa za mwala woponyedwa m'mwamba, ambiri amati mphamvu ya dzanja ikadali m'mwalamo kuukankha, chonsecho utachoka m'manja umangokokedwa ndi dziko ndi kutchingidwa pang'ono ndi mpweya. Ngakhale ophunzira uinjiniya ku America anapezeka ndi maganizo omweŵa pa kafukufuku wa John Clement wa 1982. Chikhulupiriro chakale sichithaŵa choko. Chimangobisala, nkudzatulukira m'chipinda cha mayeso a MSCE.

Ena amadandaula kuti sukulu zilibe zipangizo. Dandauloli ndi loona, koma pankhani iyi ndi chophimba m'maso. Miyala iŵiri, waukulu ndi waung'ono, sagula kusitolo. Ana ayambe anena umene ufike pansi msanga, atsutsane, kenaka miyalayo igwetsedwe onse akuona. Afotokoze okha chimene chimagwetsera okwera basi kutsogolo dalaivala akaponda buleki mwadzidzidzi, ndiponso chimene chimaimitsa wilibala ija, chomwe ndi kukhulana.

Mu 1998 Richard Hake anafalitsa zotsatira za ophunzira oposa 6,000, ndipo ophunzitsidwa mokambirana chonchi anapindula pafupifupi kaŵiri kuposa ongomvetsera. Oyendera sukulu aleke kukhutira ndi makope odzaza manotsi. Aponye mwala m'mwamba, afunse ana mphamvu zimene zikuugwira, mwini kalasi ali pomwepo.