Dzuwa la Okutobala nalonso limasewera mpira

Timu ikafooka m'chigawo chachiwiri, ife masapota sitichedwa kugamula mlandu: anyamatawa ndi aulesi, kapena anachezera mowa. Koma funsani amene anathamangapo pa Karonga Stadium kapena pa Chitowe ku Dwangwa m'mwezi wa Okutobala. Akuuzani kuti chimene chinawathetsa mphamvu si timu inayo ayi, koma dzuwa.

Masewero ambiri a ligi yathu amayamba 2:30 masana, nthaka itamwa kale moto wokwanira. Pa Kamuzu Stadium ndiye zimanyanya, chifukwa kapeti wapulasitiki amatentha kuposa kapinga, mpaka mapazi kupsa m'nsapato.

Wosewera pakati amathamanga makilomita pafupifupi 10 pa mphindi 90. Kukatentha, thupi limakankhira magazi ambiri kukhungu kuti lidziziziritse, minofu n'kumalandira ochepa. Mtima umagunda mothamanga, thukuta likuchotsa madzi ndi mchere. Madzi otayikawo akangofika 2 peresenti ya kulemera kwa thupi, liwiro limatsika ndipo mutu umachedwa kuganiza. Mapasi osochera aja, ndi anyamata ogwa okha atagwira katumba aja, gwero lake ndi limeneli.

Kunja anasiya kale kulimbana ndi dzuwa. Pa World Cup ya 2014 ku Brazil, oyimbira anaimitsa masewero a Netherlands ndi Mexico ku Fortaleza kuti osewera amwe madzi. Ya 2022 ku Qatar anachita kuisuntha kuti ichitike mu Novembala ndi Disembala. Ku Doha, ku Qatar komweko, mu 2019, mpikisano wa marathoni wa amayi unayamba pakati pa usiku, komabe mwa othamanga 68, okwana 28 analephera kumaliza.

Ena anena kuti mabwalo athu ambiri alibe magetsi, choncho tikachedwetsa nthawi yoyambira mpira, mdima ungatipeze. Zoona, koma mu Okutobala ndi Novembala dzuwa limalowa 6 koloko itatsala pang'ono kukwana. Mpira woyamba 3:30 utha kusanade. Kupumira madzi kamodzi m'chigawo chilichonse nakonso sikufuna ndalama, n'kungolamula basi.

Akuluakulu a Sulom ndi FAM, ikani zimenezi m'malamulo a nyengo yotentha, ndipo zifike mpaka ku maligi a m'zigawo ndi masewero a m'sukulu, kumene kulibe dokotala pa benchi. Musadikire kuti mwana wa munthu akomoke pabwalo.