Fizikisi saphunzirira ku hotela

Pa 11 February, tsiku limene bungwe la United Nations linalipatula mu 2015 kuti likhale la amayi ndi atsikana mu sayansi, mwambo wake timaudziwa kale. Holo ya ku City Centre, atsikana a yunifolomu zosita bwino, mlendo wolemekezeka kutchula Marie Curie, chakudya chamasana, zithunzi pa Facebook. Kwatha, tidzaonane chaka chamawa.

Koma atsikana amene amafika mu holomo ndi ati? Ambiri ndi a sukulu zomwe zili kale ndi labotale, ana a ku Area 10, 43 ndi 47. Amenewa safunika kuwanyengerera. Mtsikana amene fizikisi ikumutaya ali ku Mtandire, kuseri kwa mipanda ya Area 47 komweko, pa CDSS pomwe magetsi amawaphunzira pabolodi osagwirapo waya. Akafika Fomu 3, nthawi yosankha maphunziro, amamva kuti "fizikisi njolimba, asiyireni anyamata". Amene amanena mawuwa nthawi zambiri ndi mphunzitsi, mayi ake, ngakhale ife azichimwene ndi azichemwali ake a ku yunivesite. Akaisiya pamenepo, khomo la fizikisi ku UNIMA kapena ku Mzuni latsekeka asanaliwone n'komwe.

Ena amati lamulo lilipo. Zoona, Gender Equality Act ya 2013 imati m'sukulu za ukachenjede amuna kapena akazi asachepere 40 pa 100 alionse. Koma chiwerengerochi mungachikwanitse podzaza atsikana ku unamwino, kalasi ya fizikisi n'kukhalabe ya anyamata. Pepala likhala loyera, vuto lili pompo.

Ndipo iyi si nkhani yongokometsera. Malawi ali m'gulu la mayiko amene khansa ya khomo la chiberekero ikupha amayi kwambiri padziko lonse. Chipatala cha khansa chomwe chamangidwa pa Kamuzu Central chimafuna akatswiri a fizikisi oyeza mphamvu ya cheza chowotchera chotupa. Ikachepa khansa siifa, ikapyola wodwala amapsa. Akatswiri oterewa ndi ochepa, ife n'kumataya theka la ophunzira ku Fomu 3.

Mabungwe okonza mwambowu atenge ndalama ya holo ndi nkhomaliro, agulire ma CDSS a ku Mtandire, Chinsapo ndi Kawale mabatire, mawaya ndi ma ammeter. Nayo UNIMA ndi Mzuni azitulutsa chaka chilichonse chiwerengero cha atsikana olowa ndi omaliza fizikisi payokha, osachibisa m'gulu la "sayansi".