Kathumba ka wina musakanyamule mwachimbulimbuli

Amayi ndi asungwana, tamverani. Mu 2011 boma la China linapha mayi wina wa ku South Africa atamupeza ndi makilogalamu 3 a mankhwala ozunguza bongo m'sutikesi. Iye ankati anachita kumuikira, koma khoti silinamve. Ngakhale a kuchipatala amamangitsa: mu 2017 khoti la ku Egypt linagamula mayi wa ku Britain zaka 3 chifukwa cha mapiritsi a tramadol amene ananyamulira bwenzi lake.

Ndiye chibwenzi kaya ejenti wa ntchito akati "tangondinyamulirako aka", kanani ndithu. Mankhwala anu akhale m'paketi yake, kalata ya dokotala ili m'manja, ndipo funsani ku embase musananyamuke. Pabwalo la ndege wokutumani saoneka, unyolo umagwera inu.