Kabotolo ka Mankhwala a M'maso Sikobwerekana

Nyengo yokolola ikafika, maso ambiri amavulala m'minda kuno ku Chipata. Tsamba louma la chimanga likakanda diso, diso limafiira, misozi n'kumangotsika. Ndiye wina pakhomo amathamangira kabotolo kamene agogo anapatsidwa chaka chatha. Abale anga, zimenezi zimandiwawa mtima.

Mankhwala ena odontheza m'maso, monga dexamethasone ndi prednisolone, amachotsa kufiira msanga, koma ngati pamwamba pa diso pali chilonda amachikulitsa, mpaka munthu kuchita khungu. Akadonthezedwa nthawi yaitali popanda kupimidwa amakwezanso mphamvu ya madzi a m'diso, nthenda ya glaucoma n'kuyamba mwakachetechete. N'chifukwa chake amayenera kulembedwa ndi dokotala. Pitani ku Chipata Central Hospital, ku Mwami kapena ku St Francis ku Katete akakuoneni kaye.

Mukapatsidwa anuanu, sambani m'manja ndi sopo. Kokerani pansi chikope cham'munsi, donthezani dontho limodzi basi, ndipo kukamwa kwa botolo kusakhudze diso, nsidze kapena chala. Tsinzinani, n'kudinikiza pakona pa diso cha kumphuno kwa mphindi imodzi kapena ziwiri kuti mankhwala asatsikire kukhosi. Ngati mabotolo ali awiri, dikirani mphindi 5 musanadontheze achiwiriwo. Inu a mphumu kapena odwala mtima, nenani msanga asanakupatseni mankhwala a m'maso otchedwa timolol, chifukwa amatha kubanikitsa. Lembani pabotolo tsiku limene mwatsegula, ndipo pakatha masiku 28 litayeni ngakhale mankhwala atsalamo.